Mmene Nsapato za Amalume Zinalekera Kulira

Ndiyambe ndi kupepesa kwa onse amene adzawerenge izi. Sindine munthu woyenera kulemba za maulendo. Sukulu yanga inali ya kumudzi, cha ku Nancholi, kumene tinkalemba pansi ndi chala mpaka masileti atabwera. Alipo anthu amene anafika mpaka ku Halale koma sanalembe kanthu. Ine ndinangopita kunyanja kamodzi, ndipo chachikulu chimene ndinabwerako nacho ndi manyazi. Koma popeza nkhaniyi anthu akuikamba mosiyanasiyana, ena akuti ndinamira, ena akuti ndinapereka moni kwa ng'ona, ndaona kuti ndi bwino ndiifotokoze ndekha mmene inayendera.

Chaka chimene njanji inafika ku Limbe ndinali nditangoyamba ntchito m'sitolo ina ku Blantyre. Ndinkalemba zizindikiro pa mabokosi ndi kumasulira mawu pakati pa mzungu woyang'anira sitoloyo ndi amtengatenga. Ndinali ndi matenda amodzi: mawu akuti "sindidziwa" sankatuluka pakamwa panga. Tsiku lina abwanawo anandiitana. Anati apatsidwa masiku opuma, ndipo akufuna kukayenda panyanja pa ngalawa ya thanga, kukaona mbalame ndi kutola miyala, pakuti zimenezi ndizo ankakonda. Anandifunsa ngati ndimamva chilankhulo cha anthu a kunyanja.

"Inde, bwana."

Sindinaname dala. Ndinaganiza motere: chilankhulo chathu dzina lake ndi Chinyanja, ndipo ine ndinachiyamwira, nanga nyanja ingandibisire mawu anji? Pamenepo n'kuti madzi ochuluka amene ndinawaonapo ali a mtsinje wa Mudi nthawi ya dzinja.

Ndinkakhala kwa amalume anga, mmisiri wa matabwa komanso mkulu wa mpingo. Iwo anali ndi nsapato zakuda zachikopa, ndipo ulemerero wa nsapatozo unali pa kulira kwake. Masiku amenewo nsapato yosalira inkaoneka ngati tambala wosalira. Lamulungu amalume ankazinyamula m'manja kuchokera kunyumba, n'kukazivalira pa mwala wina pafupi ndi tchalitchi. Akamalowa zinkati nyii, nyii, ndipo anthu ankadziwa kuti akulu afika popanda kucheuka. Ana onong'onezana ankangoti zii. Atamva za ulendo wanga analowa m'nyumba n'kutuluka nazo zitakulungidwa m'nsalu.

"Ukupita ndi mzungu," anatero. "Mwina mukafika kwa anthu olemekezeka. Usakatichititse manyazi ndi zikang'a zakozo. Koma tamvera: mdani wa nsapatozi ndi madzi. Zibwere zikulira."

"Zidzabwera zikulira, amalume."

Tinayenda pansi mpaka ku Matope, abwana ali pamachila, kenaka pa sitima ya pamadzi kukwera Shire mpaka kumene mtsinjewo umatulukira m'nyanja. Kumeneko tinakwera ngalawa ya mkulu wina wachiyawo, Msilamu, wa ndevu zoyera ndi kofiya yong'ambika m'mbali, amene ankanyamula mchere ndi nsalu kupita nazo m'madoko. Masiku awiri oyamba ndinawathera nditakumbatira mlongoti, mtengo umene amamangirirapo thanga, ndikubwezera nyanja chilichonse chimene ndadya. Amalinyero ankanditchula Che Kalaliki, ndipo ine ndinkayesa ndi ulemu. Nsapato zinali m'nsalu yake pamwamba pa matumba a mchere. Ndinkaziyang'ana kawirikawiri kuposa nyanja yomwe tinabwera kudzaona.

Tsiku lachitatu masana mwini ngalawa uja analoza phiri lina lolowerera m'madzi.

"Uwauze abwana ako kuti mawa m'mawa tikakocheza paja."

Mawu akuti kukocheza ine ndinali ndisanawamvepo. Kwathu kumtunda kulibe chokocheza. Ndinamva ngati akufuna kunena kuti "tikacheza" koma lilime lapunthwa, ndipo ndinawamvera chisoni kuti Chinyanja chikuwavuta poti ndi Myawo. Ndinawakonzera mumtima mwaulemu, n'kutembenukira kwa abwana m'Chizungu changa cha pa sileti.

"Akuti mawa tipita kukacheza."

"Kwa yani?"

Apa m'pamene munthu wanzeru akanafunsa. Ine ndinati, "Kwa anthu olemekezeka, bwana." Mawu a amalume anangotuluka okha. Abwana anati chabwino, bola tikwerenso phirilo, n'kubwerera ku mbalame zawo.

Kutacha ndinavala buluku woyera, jekete, ndi kolala yolimba ija yomwe imakanda pakhosi. Tsitsi ndinalipesa n'kulilemba mzere. Kenaka ndinamasula nsalu ija n'kuvala nsapato. Zinali zazikulu, koma pamatabwa a ngalawa zinalira mokoma kuposa m'tchalitchi. Amalinyero analeka kukoka chingwe.

"Che Kalaliki, ukwatiwo uli kuti?" anafunsa mmodzi.

Ndinamwetulira modzichepetsa, poganiza kuti ndi nsanje.

Chimene sindinadziwe n'chakuti ngalawa yaikulu siifika kumtunda. Anaponya nangula patali ndithu, madzi akufika m'chiuno. Amalinyero awiri ananyamula abwana pamapewa. Ine ndinadikira anga, koma sanabwere. Ndinavula nsapato, n'kumanga zingwe zake pamodzi, n'kuzikoleka m'khosi, ndipo ndinawoloka pang'onopang'ono ngati mayi wosenza mtsuko wobwereka. Buluku ananyowa, koma nsapato sizinakhudzidwe ndi dontho. Ndinadziyamikira.

Gombe loyamba lija linali lokongola, sindingakane. Mchenga wake unali woyera ngati ufa wosefa, ndipo chinandidabwitsa n'chakuti ukaupondapo unkalira, nyii, nyii. Kumeneko aliyense, ngakhale galu, ankayenda ngati wavala nsapato za amalume. Amayi ena ankatembenuza usipa umene anayanika padzuwa. Pansi pa mtengo panakhala bambo wina wamkulu thupi akusoka khoka, ukonde wautali wa asodzi. Popeza ndiye yekha anali pamthunzi, ndinadziwa kuti ameneyu ndiye mwini wake wa malowo. Ndinavalanso nsapato, mapazi ali mchenga wokhawokha, ndinakonza jekete, ndinapita kukanjuta patsogolo pake n'kuomba m'manja.

"Zikomo, bambo. Tafika ife alendo anu ochokera ku Blantyre. Tayenda bwino, Mulungu watisunga panjira, ndipo abwana anga akondwa kwambiri kuti mwatilola kudzaponda pakhomo panu."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo maso ake anathera kumapaziko.

"Mwaponda khoka," anatero.

Amayi aja anali ataleka ntchito. Mmodzi anafunsa mnzake mokweza, kuti ndimve, "Kodi amenewa ndi aphunzitsi, kapena ndi a msonkho?" Atangomva mawu akuti msonkho, amuna awiri amene ankakonza bwato analowa m'bango osatsanzika.

"Bwererani!" anakuwa mwini ngalawa. "Si a msonkho amenewa, ndi katundu wanga!"

Gombe lonse linaseka, ndipo ine ndinaseka nawo pang'ono kuti ndisaoneke wamwano. Mumtima ndinati awa ndi antchito chabe, eni ake enieni ali kuseri kwa phiri.

Mwini ngalawa anauza amalinyero kuti azungulire phirilo ndi ngalawa akatidikire kutsidya, ndipo iye atitsogolera pa njira ya pamtunda. Tinanyamuka atatu, iye patsogolo, abwana pakati, ine pambuyo ndi thumba loikamo miyala. Njira inali yokwera, ya miyala ikuluikulu ndi milambe. Abwana akaona mbalame ankaima, n'kukweza magalasi awo oonera patali. Ine pofuna kuti ndisatsalire ndinkasendera pafupi, nsapato n'kuti nyii, mbalame n'kuuluka. Zinachitika kawiri. Kachitatu inali nkhwazi, itatera pa nthambi youma pafupi kwambiri, ndipo abwana anali atagwira mpweya. Ine ndinangosuntha phazi limodzi.

Anatsitsa magalasi pang'onopang'ono. "Vula," anatero m'Chinyanja. Mwa mawu ochepa amene ankadziwa, limeneli analitchula bwino.

Kunena zoona mapazi anga anathokoza. Nsapato zija zinali zitanditupitsa kale matuza kuzidendene. Nditazikolekanso m'khosi, zikang'a zomwe amalume ankachita nazo manyazi zinagwira miyala ngati za mbuzi, moti ndinkafika pamwamba pa thanthwe abwana akadali m'munsi kupuma wefuwefu. Paliponse pamene aima ankatola mwala, kuutembenuza, kuunyambita nthawi zina, n'kuuponya m'thumba langa. Anyani anatitsatira m'mbali kwa nthawi yaitali. Sindikukayika kuti ankayang'ana jekete.

Tinafika pamwamba dzuwa lili paliwombo. Kuchokera pamenepo nyanja inkaoneka yobiriwira kufupi ndi miyala, ndipo kutali inkangolumikizana ndi thambo. Ngalawa yathu inali pansi apo, yaing'ono ngati tsamba, thanga litafufuma. Abwana anavula chipewa chawo cholimba chotchinga dzuwa n'kumayang'ana nyanjayo. Mwini ngalawa sankayang'ana madzi koma kum'mwera, nati mphepo ya mwera ikudza, tisachedwe. Ine ndinkafunafuna denga la malata, kapena mbendera, kapena utsi wokha. Kunalibe. Kunali mitengo, miyala, ndi timagombe tiwiri.

Tinatsikira pa kagombe koyamba, kobisika pakati pa matanthwe. Panalibe phazi la munthu, koma mapazi a katumbu okha. Abwana anavula n'kulowa m'madzi. Mwini ngalawa anasamba m'manja, kumaso ndi kumapazi, nayala nsalu yake pamchenga n'kuyamba kuswali. Ine ndinakhala pa mwala, jekete ili pathupi, thukuta likutsika m'kolala, kuopa kuti eni ake angatulukire n'kundipeza ndili wosavala bwino. Posakhalitsa ndinamva tswatswa m'masamba kumbuyo kwanga. Ndinaimirira msanga, n'kuwerama, n'kunena kuti, "Zikomo!" Inali ng'azi. Inandiyang'ana, inatulutsa lilime, n'kupitirira ulendo wake wa kumadzi. Imeneyi ndiyo anthu akuisandutsa ng'ona, ndipo ndikupempha kuti aleke.

Mkulu uja atamaliza kupemphera anandipeza ndikadali chiimire. Ndinalimba mtima.

"Bambo, pepani, kodi eni ake tiwapeza kuti?"

"Eni ake a chiyani?"

"Amene tikukacheza nawo. Dzulo munati tikacheza."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka ndevu zinayamba kunjenjemera, ndipo anakhala pansi pamchenga kuti aseke bwino.

"Kukocheza, mwanangu! Ku-ko-che-za! Ngalawa ikafika kugombe n'kuima, ndiko kukocheza kumeneko. Takocheza kale m'mawa muja, iwe uli kalikiliki kulonjera msodzi." Anapukuta misozi ndi kofiya. "Ndiye jeketeyi wavalira nsomba?"

Ndinalakalaka mchenga utatseguka. Munthu amene ndinamumvera chisoni chifukwa cha Chinyanja chake ndiye ankandiphunzitsa Chinyanja, mawu amodziamodzi ngati mwana wa pa sileti.

"Chonde, bambo, musawauze abwana."

"Ndiwauza bwanji? Womasulira ndiwe."

Abwana atatuluka m'madzi anafunsa kuti mkuluyo akuseka chiyani, ndipo anthu olemekezeka aja ali kuti. Ndinati achokapo. Limeneli lokha ndilo bodza limene ndinanena dala pa ulendo wonse, ndipo ndinaliulula pambuyo pake.

Tinadutsa m'miyala kupita ku gombe lomaliza, kumene ngalawa inkatidikira. Mwera unali utafika. Madzi amene m'mawa anali bata tsopano ankabwera m'mizere, akuchita thovu, ndipo ngalawa inaima patali kuposa poyamba kuopa miyala. Amalinyero awiri anabwera kudzanyamula abwana. Mwini ngalawa anatambasula dzanja.

"Bweretsa nsapatozo, ndikuwolotsere. Ine madzi awa ndimawadziwa."

Ndikanampatsa, nkhaniyi ikanathera pomwepa. Koma manyazi a ng'azi ndi a kukocheza anali akadali m'khosi, ndipo ndinafuna kuonetsa kuti chilipo chimene ndingathe ndekha. Ndinakana mwaulemu. Ndinasenza thumba la miyala pamutu, nsapato ndinaziika pamwamba pa thumbalo, dzanja limodzi litagwira thumba, lina litagwira nsapato. Ndinalowa. Madzi anafika m'chiuno, kenaka pachifuwa. Funde likabwera ndinkanyang'ama n'kutseka maso. Ndinali nditatsala pang'ono kufika.

Pamenepo mphepo inachotsa chipewa pamutu pa abwana, n'kuchiulutsira mbali yanga. Palibe anandituma. Abwana anangoti "Aa!" basi. Koma dzanja langa, lomwe linazolowera kutola chilichonse chimene mzungu wagwetsa, linasiya nsapato lokha n'kuwakha chipewa. Ndinachigwira ndithu. Funde lotsatira linandipeza ndaima ndi mwendo umodzi.

Za pansi pa madzi ndikukumbukira zochepa. Kunali kowala, miyala ya abwana inkabwerera kwawo umodziumodzi, ndipo nsapato za amalume zinkatsika pang'onopang'ono, zitagwirana zingwe ngati anthu apabanja. Kenaka china chinandikoka pakhosi. Anali mwini ngalawa, atandigwira pa kolala. Tsiku lonse kolala ija inangogwira ntchito pamenepo.

Anandikweza m'ngalawa ndikutsokomola, chipewa chili m'manja. Mmalinyero wina anamira n'kutulutsa nsapato zikuchucha. Abwana analandira chipewa chawo nati ndachita bwino, ngakhale anadandaula za miyala. Mwini ngalawa anadikira mpaka nditaleka kutsokomola.

"Che Kalaliki," anatero motsitsa mawu, "chipewa chimenecho chimayandama."

Ndinaziyanika padzuwa pafupi ndi nsomba za amalinyero. Zinauma n'kupindika kutsogolo, moti wina anafunsa ngati azithire mchere. Nditazivala n'kuyenda pamatabwa paja, zinangoti fwa, fwa. Ndinazipinda, ndinazimenyanitsa, ndinadumpha nazo. Potsiriza ndinapempha mafuta a nsatsi n'kuzipaka usana wonse, poganiza kuti chinthu chodwala chimafuna mafuta. Zinafewa bwino, ndipo ngakhale fwa uja anatha. Pambuyo pake ndinamva kuti mafuta ndiwo amapaka anthu ofuna kuti nsapato ileke kulira.

Masiku otsalawo tinakocheza m'magombe ena ambiri. Ndinkatsika wopanda nsapato, nditangomanga nsalu m'chiuno, ndipo mwini ngalawa anandiphunzitsa kuyandama chagada ndi mayina a mphepo. Ndikamva mawu achilendo ndinkafunsa. Akanakhala masiku okoma kwambiri pakanapanda kamtolo kaja pamwamba pa matumba a mchere.

Tinabwerera ku Blantyre mu Ogasiti. Ndinapereka nsapato kwa amalume Lolemba, zili zokulungidwa, kuti ndikhale ndi masiku asanu ndi limodzi a mtendere. Sanamasule. Anangofunsa ngati tinafika kwa anthu olemekezeka, ine n'kuyankha kuti tinafika malo ambiri. Lamulungu tinapita limodzi kutchalitchi. Pa mwala paja anakhala pansi, anavala, anaimirira, anaponda kawiri. Anaima. Anapondanso mwamphamvu. Kenaka anandiyang'ana.

Ndinagwada pomwepo, anthu akudutsa, n'kufotokoza zonse: za kukocheza, za msodzi, za funde, za mafuta a nsatsi. Anamvetsera osandidula.

"Chipewacho chinapulumuka?"

"Chinapulumuka, amalume."

"Tithokoze Mulungu," anatero, n'kulowa.

Tsiku limenelo palibe anadziwa kuti akulu afika. Ana anapitiriza kunong'onezana mpaka amalume ataima pambali pawo, ndipo mayi wina amene anatsekereza njira ndi dengu lake anachita kukhudzidwa paphewa kuti apatuke. Ndinaona khosi la amalume likuuma.

Sanandikalipire, ndipo ndikanakonda akanandikalipira. Chimene anachita n'chakuti analeka kunditchula kuti iwe. M'mawa uliwonse ankati, "Mwadzuka bwanji, a kunyanja?" Pa chakudya ankati, "Yambani inu, mwayenda maiko." Munthu amene anandilera kuyambira ndili wamng'ono, amene anandikoka khutu kosawerengeka, tsopano ankandilemekeza ngati mlendo wodutsa. Ndinkapala matabwa awo ndisanapite kuntchito, ndinkanola zida zawo, ndipo iwo ankati, "Zikomo kwambiri, mwavutika." Nsapato zija ankazivalabe Lamulungu lililonse, zili duu, ine ndikuyenda pambuyo pawo ndikumva kusalira kwake.

Inapita Seputembala, inapita Okutobala ndi kutentha kwake kouma kuja kumene ngakhale zitseko zimang'aluka. Mwina n'kutenthako kumene kunaumitsa mafuta, sindidziwa, ndipo taonani, tsopano mawu amenewa ndimatha kuwanena. Lamulungu lina amalume akulowa m'tchalitchi, atafika pakati, nsapato ya kumanzere inati nyii. Ya kumanja inakhala chete. Ya kumanzere inatinso nyii. Anthu onse anacheuka, pakuti zinkamveka ngati mkulu wa mpingo akutsimphina. Amalume sanafulumire ndipo sanachedwe. Anayenda mpaka kutsogolo ndi phazi limodzi lolira, ana onse ali zii.

Titatuluka anakhala pa mwala paja n'kuvula. Anaigwira ya kumanzere, naiyang'ana kunsi.

"Iwe," anatero.

Panali patapita miyezi iwiri ndi theka ndisanamve mawu amenewa.

"Iyi yakukhululukira. Inzakeyi yakana kulankhula, ndiye ndiilankhulira ine: zatha. Tenga, nyamula. Ndipo uyende kutali ndi chithaphwi icho."

Panalibe chithaphwi chilichonse, mvula inali isanagwe. Ndinazinyamula ndi manja awiri mpaka kunyumba. Linali Lamulungu, tsiku loyamba la mwezi wa Novembala, chaka chomwecho chimene njanji inafika ku Limbe.